Pasiwedi ya Wi-Fi mwaiwala? Kompyuta yanu ikuidziwa

Lero tikambirane kanthu kakang'ono koma kotha kukanganitsa anthu a m'nyumba imodzi: pasiwedi ya Wi-Fi.

Kwabwera alamu anu. Akhala pampando, amwa madzi, mwalonjerana, kenako atulutsa foni. "Alamu, tandigawireniko Wi-Fi, bandulo yandithera panjira." Inu mwayasama kuti muyankhe, mawu osatuluka. Muitana kukhitchini: "Mayi a ana, kodi pasiwedi ija timati chiyani?" Yankho likubwera: "Funsani mwana wanu, anaika ndi iyeyo." Mwanayo ali kusukulu yogonera komweko, kumene foni saloledwa. Chonsecho laputopu ili pathebulo pomwepo, yalumikizika yokha monga imachitira tsiku ndi tsiku, nyimbo za pa YouTube zikulira bwinobwino.

Apa ndi pamene ambiri amathamangira kukafuna phini kapena kamtengo ka machesi kuti abaye kabowo kakuseri kwa rauta, kolembedwa kuti Reset. Taimani kaye. Kabowo kameneko tikafikako kumapeto, chifukwa kamakonza vuto limodzi n'kubala ena atatu. Ngati m'nyumbamo muli kompyuta ngakhale imodzi yomwe ikulowabe pa Wi-Fi yanuyo, ndiye kuti pasiwedi sinatayike. Ili m'kompyutamo, ndipo kuitulutsa sikutenga mphindi ziwiri.

Musanagwire n'komwe kompyuta, tembenuzani rauta muone kunsi kwake. Pamakhala kapepala komata. Ngati ndi MiFi, ija yokwana m'thumba yomwe makampani a mafoni monga Airtel ndi TNM amagulitsa, tsegulani kumbuyo, chotsani batire, kapepalako kamakhala pansi pake. Pamene palembedwa SSID, ilo ndi dzina la netiweki. Pamene palembedwa WiFi Key, kapena Password, kapena WPA Key, iyo ndi pasiwedi yomwe chipangizocho chinabwera nayo. Ngati palibe anaisintha, nkhani yathera pomwepo. Ngati inasinthidwa, kapena zilembo zinafufutika ndi thukuta la m'thumba, tiyeni kukompyuta.

Mwina wina akudabwa: zitheka bwanji kuti kompyuta ionetse pasiwedi, pomwe Facebook kapena banki ukaiwala yako sakuuza, amangoti panga ina? Kusiyana kwake n'kwakuti. Facebook ili ngati mlonda wapageti: ntchito yake ndi kuona ngati kiyi amene mwabwera naye akugwirizana ndi loko, ndiye sifunika kusunga kiyi wanuyo. Malo osamala amasunga zotsatira za masamu zomwe sizibwezeka m'mbuyo, n'kumayerekeza nazo inu mukalemba pasiwedi. Kompyuta yanu pa Wi-Fi siili pageti ngati mlonda. Iyo ndi mwana wa m'nyumba amene munamupatsa kiyi kuti azidzitsegulira yekha akamabwera. Mwana wotere kiyi amayenda naye m'thumba. Tsiku lija munalemba pasiwedi n'kuchonga pamene pamati Connect automatically, munaiuza kompyuta kuti isunge, ndipo inasungadi. Windows imaika zimenezi m'kafayilo kapadera ka netiweki iliyonse, pasiwediyo itabisidwa mwa masamu, koma mwini kompyuta akaipempha imamumasulira.

Tsopano tengani cholembera ndi pepala, chifukwa pawailesi sitingakulozereni ndi chala.

Tiyambe ndi Windows 11. Kuyambira mu 2023, Microsoft inafewetsa zinthu. Tsegulani Settings, pitani pa Network and internet, dinani Wi-Fi, kenako Manage known networks. Mupeza mndandanda wa ma netiweki onse amene kompyutayo inalowapo. Dinani dzina la yanu, ndipo chakumunsi muona mawu akuti View Wi-Fi security key, pambali pake pali batani la View. Mukadina, pasiwedi ija ionekera poyera.

Koma makompyuta ambiri m'nyumba zathu ndi m'maofesi ang'onoang'ono akadali pa Windows 10, ena ngakhale pa Windows 7. Njira iyi ndi yawo, ndipo imagwiranso pa 11. Pa kiyibodi, gwirani batani la chizindikiro cha Windows, lija la timawindo tinayi, limodzi ndi chilembo R. Patuluka kabokosi kakang'ono kumunsi kumanzere. Lembanimo ncpa.cpl. Ndibwereze pang'onopang'ono: N, C, P, A, kadontho, C, P, L. Dinani Enter. Muona tizithunzi ta njira zonse zimene kompyuta imalumikizira. Dinani kawiri pa kolembedwa Wi-Fi (pa Windows 7 ndi Wireless Network Connection), kenako Wireless Properties, kenako pamwamba sankhani Security. Pamenepo pali bokosi la Network security key lodzaza timadontho takuda. Pansi pake pali kabokosi ka Show characters. Chongani. Timadontho tija tisanduka zilembo.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Imangoonetsa pasiwedi ya netiweki imene mwalumikizikapo panthawiyo. Nanga ngati muli kuntchito, akunyumba aimba foni kufunsa pasiwedi ya kunyumba? Kapena magetsi azima, rauta ili chete, koma mukufuna kulemberatu? Apa ndi pamene pamafunika kawindo kakuda kaja kamene anthu ambiri amakaopa ngati kali ndi mankhwala. Musachite nako mantha.

Pamalo ofufuzira, kumunsi kwa sikirini, lembani zilembo zitatu: C, M, D. Patuluka Command Prompt. Musangodina. Sankhani Run as administrator, ndipo ikafunsa chilolezo vomerani. M'kawindo kakudako lembani mawu anayi awa, mukusiya mpata pakati pa mawu alionse: netsh wlan show profiles. Loyambalo ndi N, E, T, S, H. Lachiwiri ndi W, L, A, N. Kenako show, kenako profiles. Dinani Enter.

Chimene chimatuluka apa chimadabwitsa anthu. Ndi mbiri ya maulendo a laputopu yanu: Wi-Fi ya kunyumba, ya kuofesi, ya kumalo ogona alendo kumene munakachitira msonkhano chaka chatha, hotisipoti ya foni ya mnzanu, ya kwa apongozi. Zonse zilipo, chifukwa kompyuta siitaya yokha netiweki imene munaiuza kuti isunge.

Pezani dzina la imene mukufuna. Tiyerekeze kuti imatchedwa Kwathu. Lembani chonchi: netsh wlan show profile name="Kwathu" key=clear. Tamvetsani bwino apa. Ulendo uno ndi profile, wopanda S kumapeto. Pambuyo pa name pali chizindikiro cha masamu chija cha timizere tiwiri togona. Dzina la netiweki muliike pakati pa timakoma tiwiri tam'mwamba, timene timatsekera mawu a munthu m'buku, makamaka ngati dzinalo lili ndi mpata pakati, monga Kwathu Kuno. Mukaiwala timakomato, kompyuta imatenga liwu loyamba lokha ngati dzina n'kulephera kuipeza netiwekiyo. Kumapeto, key, timizere tiwiri tija, clear, osasiya mpata. Mukadina Enter patuluka mizere yambiri. Yambiri siikukhudzani. Tsikani mpaka pamutu wakuti Security settings, ndipo pansi pake pezani mzere wa Key Content. Zimene zalembedwa kutsogolo kwake ndiye pasiwedi yanu.

Pokopera samalani, chifukwa anthu ambiri amagwera pano atawoloka kale mtsinje. Pa Wi-Fi chilembo chachikulu ndi chaching'ono ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ziro amafanana ndi O wamkulu. Nambala 1, L wamng'ono ndi I wamkulu zimaoneka ngati ana a mimba imodzi. Mukalemba pafoni n'kukana, musafulumire kunena kuti kompyuta yanama. Yang'anitsitsani zilembo zimenezi kaye. M'kawindo kakuda kaja ziro kawirikawiri amakhala ndi kamzere kapena kadontho pakati, ndiye n'kosavuta kumusiyanitsa.

A makompyuta a Apple, yanu ndi yachidule. Kuyambira pa macOS Ventura ya 2022, pitani ku System Settings, Wi-Fi, Advanced, pezani dzina la netiweki, dinani timadontho titatu pambali pake, sankhani Copy Password, n'kukamata pena paliponse polemba kuti muione. Pa Mac yakale, tsegulani Keychain Access, fufuzani dzinalo, chongani Show password, ndipo ikufunsani pasiwedi yolowera mu Mac momwemo. A Linux, monga Ubuntu, lembani nmcli device wifi show-password mu Terminal, ngakhale ndikudziwa kuti amene ali pa Linux ambiri akuseka, ankadziwa kale.

Komanso musaiwale foni imene ili m'manja mwanu. Kuyambira pa Android 10 ya 2019, mukalowa pa Wi-Fi n'kudina netiweki yanu pamakhala Share kapena QR code. Imatulutsa kachithunzi ka timabokosi takuda ndi toyera, mlendo n'kungokajambula ndi kamera ya foni yake, walowa, osalemba kanthu. Mafoni ambiri amaonetsanso pasiwediyo pansi pa kachithunziko. Pa iPhone, kuonetsa pasiwedi yosungidwa kunabwera ndi iOS 16 mu 2022.

Pali nthawi zina zimene njira zonsezi zimakanika, ndipo ndi bwino kudziwa chifukwa chake kusiyana n'kutukwana kompyuta. Ngati akaunti imene mwalowera si ya administrator, ndiye kuti si ya mwini wolamulira kompyutayo, mzere wa Key Content suoneka. Laputopu za kuntchito zambiri zimakhala choncho mwadala. Ma netiweki a m'mayunivesite ndi m'makampani akuluakulu nawonso ndi ena: kumeneko aliyense amalowa ndi dzina lake ndi pasiwedi yakeyake, palibe pasiwedi imodzi ya onse yoti muipeze. Kwinanso, kompyuta imakupatsani pasiwedi mokhulupirika koma ili yakale, chifukwa wina anasintha pa rauta laputopu ili kwina. Imene imasungidwa ndi imene inagwira ntchito komaliza.

Zikatero, pitani kwa mwini nkhani, rauta yeniyeniyo. Lumikizani kompyuta ndi rauta pa waya wa netiweki, kapena MiFi pa waya wa USB, kapena gwiritsani ntchito foni imene ikadali yolumikizika. Tsegulani Chrome kapena Edge, ndipo pamwamba polemba adiresi lembani manambala a rauta. Kawirikawiri ndi 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo zipangizo zambiri za Huawei zimakhala pa 192.168.8.1. Ngati simukudziwa, m'kawindo kakuda kaja lembani ipconfig, muyang'ane mzere wa Default Gateway. Tsamba limene lituluke likufunsani pasiwedi, ndipo pano pamasokonekera anthu ambiri. Rauta ili ndi mapasiwedi awiri. Ina ndi ya Wi-Fi, yolowera pa intaneti. Ina ndi ya woyang'anira, yolowera m'kati mwa rauta kukasintha zinthu. Yachiwiriyi pa zipangizo zambiri zakale imakhala liwu lakuti admin basi, ndipo imalembedwa pa kapepala kakunsi kaja. Mukalowa, fufuzani Wireless kapena WLAN, muona pasiwedi ya Wi-Fi kapena malo oikira ina.

Zonse zikakanika, ndiye tengani phini ija. Kabowo ka Reset mumakabaya n'kugwira masekondi pafupifupi 10, rauta ili yoyaka. Ikadzukanso imakhala ngati yangotuluka m'katoni: dzina ndi pasiwedi zabwerera za pa kapepala. Koma dziwani kuti yaiwala zonse. Foni iliyonse, TV, pulinta, kamera ya pageti ngati ilipo, zonse muzilumikizanso chimodzichimodzi. Choopsa kwambiri n'chakuti ma rauta ena, makamaka a intaneti ya waya yobwera m'nyumba, amakhala ndi zoikamo za kampani yokupatsani intaneti. Zimenezo zikafufutika, Wi-Fi imaoneka yodzaza mizere yonse koma intaneti palibe, mpaka mudikire amisiri a kampaniyo. Kubaya kabowoko Loweruka madzulo ndi kudziputira sabata yosayamba bwino.

Chinthu chimodzi ndikukanizeni ndithu. Mukafufuza nkhaniyi pa intaneti mupeza mapulogalamu ambirimbiri olonjeza kutulutsa mapasiwedi a Wi-Fi, ena mpaka kulonjeza kuthyola ya aneba. Alipo ena oona, koma inu simukuwafuna, chifukwa zonse zimene amachita Windows imachita yokha ndi mzere umodzi uja. Ndipo pakati pawo pamabisala mapulogalamu akuba, amene mukawapatsa chilolezo cha administrator amakokolola mapasiwedi anu a imelo ndi a kubanki omwe.

Tsopano titembenuze nkhaniyi, chifukwa ili ndi mbali ina imene siikambidwa. Ngati inu mwatulutsa pasiwedi m'mphindi ziwiri, wina aliyense wogwira laputopu yanu ili yotsegula angachitenso chimodzimodzi. Ndipo sangatulutse ya kunyumba yokha. Mndandanda wonse uja uli m'manja mwake, ya kuofesi, ya kutchalitchi, ya kwa achimwene anu. Mwana wa aneba amene anabwereka laputopu kuti alembe ntchito ya kusukulu, mukamuona masiku otsatira wakhala pafupi ndi mpanda wanu maso ali pafoni, bandulo ya mwezi n'kutha pa sabata ziwiri, musayambe ndi kukalipira kampani ya foni. Lowani pa tsamba la rauta lija, pali mndandanda wa zipangizo zonse zimene zalumikizika. Muwerenge, muone ngati zikukwanirana ndi za m'nyumba mwanu.

N'chifukwa chake ine ndimaona kuti laputopu yopanda pasiwedi yolowera ndi vuto lalikulu kuposa pasiwedi ya Wi-Fi yofooka. Ikani pasiwedi kapena PIN pa akaunti yanu. Ana ndi alendo apangireni akaunti yawoyawo ya Standard, yopanda mphamvu za administrator. Mukanyamuka pa desiki, batani la Windows ndi L limatseka sikirini nthawi yomweyo. Mukapititsa kompyuta kokakonzetsa, amisiri ambiri ndi okhulupirika, komabe dziwani kuti mwawasiyira makiyi onse, ndipo kusintha pasiwedi ya Wi-Fi ikabwerako si kunyoza munthu.

Ngakhale Microsoft yeniyeniyo inapunthwapo pa nkhani ya kugawana mapasiwedi. Windows 10 itatuluka mu 2015 inabwera ndi chinthu chotchedwa Wi-Fi Sense, chimene chinkalola munthu kugawira Wi-Fi anzake a pa Skype, Outlook ndi Facebook popanda kuwauza pasiwedi. Akatswiri a chitetezo anadandaula kuti mwini rauta sangadziwenso amene akulowa pakhomo pake, ndipo mu 2016 kampaniyo inachotsa mbali yogawanayo, ikunena kuti anthu ochepa ndi amene ankaigwiritsa ntchito.

Kunena zoona, luso limene takambiranali ndi la netiweki yanu, kapena imene mwini wake wakulolani. Ku Malawi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'makompyuta ndi m'zosungidwa za eni popanda chilolezo. Kubwereka laputopu ya mnzako kuti utumize imelo n'kusolola pasiwedi ya kuofesi kwawo si ukatswiri, ndi kuba.

Poti pasiwedi mwaiona tsopano ndi maso, iyang'aneni bwino. Kodi ndi nambala ya foni yanu? Dzina la mwana ndi chaka chimene anabadwa? Kapena 12345678, chifukwa rauta inakana zilembo zochepera 8? Malamulo a chitetezo cha Wi-Fi otchedwa WPA2 amalola zilembo kuyambira 8 mpaka 63, ndipo kutalika kuli ndi ntchito. Mvetserani mmene zimayendera. Foni ikamalowa pa Wi-Fi, pasiwedi yeniyeniyo siiulutsidwa m'mwamba. Foni ndi rauta zimasakaniza pasiwedi ndi dzina la netiweki mwa masamu, kubwereza ka 4,096, kenako zimapatsana mauthenga 4 otsimikizirana kuti zonse ziwiri zapeza yankho lofanana. Munthu wokhala pafupi, wokhala ndi zida zoyenera, atha kutola mauthenga amenewo, kupita nawo kwawo, n'kuuza kompyuta yake iziyesa mawu mamiliyoni mpaka limodzi ligwirizane. Rauta yanu siidziwa n'komwe kuti kukuchitika zotere. Nambala ya foni imagwa msanga, chifukwa manambala oyambirira amadziwika kale. Mayina a matimu a mpira ali kale m'mindandanda ya oyesawo. Koma mawu anayi kapena asanu a Chichewa osagwirizana, osakhala mwambi wodziwika, mutaikamo nambala pakati, ndi ovuta kuwalota koma osavuta kuwauza mlendo pakamwa.

Muli pa tsamba la rauta lomwelo, onani pamene palembedwa Security mode. Ngati pali WEP, sinthani lero lomwe. WEP inabwera ndi malamulo oyamba a Wi-Fi mu 1997, ndipo pofika 2001 akatswiri anali ataonetsa kale kuti imathyoka, ngakhale pasiwedi italike bwanji. Sankhani WPA2, ya 2004, kapena WPA3, ya 2018, ngati zipangizo zanu zonse zikuilandira. WPA3 inatseka njira ija yotola mauthenga n'kukayesera kunyumba. Ngati pali WPS, njira yolumikizira chipangizo popanda kulemba pasiwedi, izimitseni. Mu 2011 katswiri wina, Stefan Viehböck, anaonetsa kuti PIN yake ya manambala 8 rauta imaiyesa m'zigawo ziwiri, moti kuyesa kosapitirira 11,000 kumakwanira kuipeza, ndipo woipezayo rauta imamupatsa pasiwedi ya Wi-Fi yeniyeniyo. Pasiwedi ya admin ija nayonso isinthidwe. Ndipo ngati rauta yanu ili ndi Guest network, iyatseni: alendo ndi ochita lendi azilowera kumeneko, ndi pasiwedi imene mungasinthe mwezi uliwonse osasokoneza TV ndi mafoni a m'nyumba.

Pasiwedi yatsopanoyo ilembeni papepala. Ndikudziwa kuti kuntchito amatiuza kuti pasiwedi siilembedwa, ndipo pa ya kubanki akunena zoona. Koma ya Wi-Fi ya pakhomo ndi ya banja lonse, ndipo munthu amene wafika mpaka potsegula kabati ya kuchipinda kwanu, Wi-Fi si chinthu choyamba chimene muyenera kuda nacho nkhawa. Lembani m'kope limene mumasungamo nambala ya mita ya magetsi, ndipo akuluakulu awiri m'nyumbamo adziwe pamene lili.

Kwa amene mukufuna kugulitsa laputopu kapena kuipereka kwa m'bale, kufufuta zithunzi ndi makalata sikukwanira. Ma netiweki aja amatsalira. Pa Manage known networks mutha kudina Forget pa iliyonse, koma njira yabwino ndi kupita ku Settings, System (pa Windows 10 ndi Update & Security), Recovery, Reset this PC, n'kusankha Remove everything, mutakopera kale mafayilo anu pa fulashi. Ndipo inu ogula laputopu za kaunjika, mukafika nayo kunyumba chitani zomwezo musanalembemo pasiwedi yanu iliyonse.